Kusandutsa fakitale yakale kukhala nyumba ya zisudzo: mafunso ndi mayankho

Ndaphunzitsa achinyamata zisudzo kuno ku Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kwa zaka zambiri. Malo athu ochitira masewero akhala pansi pa mtengo, m'kalasi yobwereka, kapena pabwalo la tchalitchi tsiku limene eni ake alibe msonkhano. Ndikangotchula kuti mashedi akale, nyumba zosungiramo mbewu ndi mafakitale amene anatsekedwa tingathe kuwasandutsa nyumba za zisudzo ndi magule, mafunso amabwera omwewomwewo, kaya ndili ku Dómuè, ku Furancungo, ku Moatize kapena m'chapa (minibasi) yopita ku Tete. Ndawasonkhanitsa pano. Ena ndayankha mwachidule, ena ndachedwa nawo chifukwa ndi amene amandisowetsa tulo.

Fakitale ndi nyumba ya zisudzo zikugwirizana pati?

Amene ankamanga fakitale kapena shedi ankafuna chipinda chimodzi chachikulu, chadenga lalitali, chopanda zipupa zam'kati. Ankafuna khomo loti lole n'kulowa, pansi polimba poti makina olemera sangaswe, ndi zitsulo zakudenga zotha kunyamula katundu. Wazisudzo amafuna zomwezo ndendende: malo oti anthu ambiri akhale onse akuona kutsogolo, khomo lolowetsera zipangizo, ndi zitsulo zopachikapo magetsi, makatani ndi zokuzira mawu. Chodula kwambiri pomanga holo ndi denga lotambalala lopanda mizati pakati, ndipo m'nyumba zimenezi denga lotero lilipo kale.

Tikamati nyumba ya ntchito zambiri, tikunena kuti m'mawa ana a sukulu akuwerengeramo, masana amayi akuphunzira chintali kapena kusoka, madzulo sewero, Loweruka ukwati. Nyumba yodikira sewero lokha kuno kwathu ingatsegulidwe kangapo pachaka, masiku ena onse n'kumasunga mileme.

Zinachitikapo kuti, kapena ndi maloto anu chabe, aphunzitsi?

Zinachitika m'malo ambiri, koma nyumba imene ndimaikonda kuposa zonse ili ku São Paulo m'dziko la Brazil, ndipo dzina lake ndi SESC Pompeia. Inamangidwa mu 1938 ngati fakitale yopanga migolo yachitsulo, kenaka munkapangidwa mafiriji. Itatsekedwa, bungwe la SESC, limene limasamala za umoyo ndi zosangalatsa za anthu ogwira ntchito m'mashopu ndi m'malonda, linagula malowo. Mu 1977 linaitana Lina Bo Bardi, mayi wojambula mapulani a nyumba, wobadwira ku Rome mu 1914 koma amene anasankha kukhala nzika ya Brazil.

Chimene chimandigwira mtima ndi chimene mayiyu anachita asanajambule kanthu. Anapita kufakitaleko kumapeto kwa sabata, napeza kuti anthu a m'deralo analowamo kale: ana akuthamanga, anyamata akusewera mpira, makolo ndi okalamba akucheza. Anaona kuti ntchito yake ndi kusunga moyo umene waupezawo ndi kuupatsa malo abwino. Mashedi sanawagwetse. Iye ndi anzake awiri achinyamata, André Vainer ndi Marcelo Ferraz, anaika ofesi yawo pamalo pomwepo pakati pa amisiri, nasenda pulasitala kuti njerwa zakale zioneke, nasiya mizati ya konkire ili poyera. Msewu wam'kati umene munkadutsa malole unakhala kanjira koyendamo anthu. M'shedi yaikulu anaikamo malo owerengera, kamtsinje kosaya koyenda pansi mokhotakhota kokumbutsa mtsinje wa São Francisco, ndi malo osonkhapo moto woti anthu aziotha. Shedi ina inakhala yodyera, ina ya amisiri oumba, osema ndi osindikiza.

Nyumba ya zisudzoyo ndi imene ife Achewa tingaimve msanga. Siteji ili pakati, oonera amakhala mbali ziwiri moyang'anizana, ndipo mipando ndi yamatabwa, yopanda zofewa. Mayiyu anachita dala kuti woonera asagone pampando, akhale tcheru ngati mmene amakhalira munthu pabwalo. Mbali ya mashedi inatsegulidwa mu 1982. Nsanja zazitali za konkire zokhala ndi mabwalo a masewera ndi dziwe losambira zinatha mu 1986, pamodzi ndi thanki yamadzi ya mamita 70 imene anaimanga ngati chumuni pokumbukira fakitale ija. Mpaka lero agogo amapita kukawerenga nyuzipepala pomwe adzukulu awo akusambira, usiku oimba otchuka n'kukwera siteji.

Ku London kuli ina yotchedwa Roundhouse, yozungulira ngati khumbi lalikulu. Inamangidwa mu 1847 kuti azitembenuziramo mitu ya sitima, koma patangopita zaka pafupifupi 10 mitu ya sitima inatalika moti sinkakwanamonso. Inakhala mosungira mowa kwa nthawi yaitali, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inasanduka malo a zisudzo ndi nyimbo. Mizati yake 24 yachitsulo ikadali chilili mozungulira.

Kumeneko n'kutali. Kuno ku Africa kulibe?

Kulipo, ndipo ambiri mwa abale athu amene anapita ku Joni amadutsa pafupi nayo osadziwa. Market Theatre ya ku Newtown mu Johannesburg inali msika wa zipatso wa amwenye, womangidwa mu 1913. Msika utasamutsidwa, Barney Simon ndi Mannie Manim anatenga nyumbayo, ndipo azisudzo eni akewo anagwira nawo ntchito yoikonza ndi manja awo. Inatsegulidwa mu Juni 1976, patangopita masiku ochepa ana a sukulu a ku Soweto ataukira. Pa nthawi ya tsankho, pamene malamulo ankalekanitsa anthu, muja akuda ndi azungu ankasewera limodzi ndi kuonera limodzi, ndipo masewero otsutsa tsankho amene anamveka dziko lonse ambiri anayambira momwemo. Zikwangwani za mayina a ogulitsa zipatso anazisiya zili pomwepo.

Ku Cape Town, nkhokwe yaikulu ya mbewu ya padoko, ya mu 1924, inasanduka nyumba ya zojambula ndi zosema yotchedwa Zeitz MOCAA mu 2017. M'dziko lathu lomwe lino, siteshoni ya sitima ya ku Maputo muli nyumba yosungira mbiri ya njanji kuyambira 2015, ndipo Centro Cultural Franco-Moçambicano, komwe kumachitika zoimba ndi zisudzo, inali hotela yakale isanatsegulidwe mu 1995. Amene mumawoloka pa Zóbuè kupita ku Blantyre mumaidziwa Mandala House ya mu 1882, ya kampani ya African Lakes, imene lero muli laibulale, zojambula ndi malo omwera tiyi.

Nanga m'chigawo cha Tete muli nyumba zoyenera?

Chigawo chino chagwira ntchito zolemera kwa zaka zambiri, ndipo ntchito iliyonse inasiya nyumba zake. Njanji inafika ku Moatize mu 1949 kudzanyamula malasha, kuchokera ku Mutarara komwe kuli mlatho wa Dona Ana wa mu 1935. Kumene kwadutsa njanji kumakhala mashedi, mosungira katundu ndi mokonzera makina. Ku Moatize kunali migodi yapansi, imene dziko litalandira ufulu inkayendetsedwa ndi kampani ya boma ya Carbomoc. Ku Songo kunamangidwa tauni yathunthu chifukwa cha damu la Cahora Bassa lomwe linatha mu 1974. Kuno ku Angónia akuluakulu amakumbukira CAIA, munda waukulu wa boma wa chimanga, mbatatesi ndi zipatso umene unagwa m'nthawi ya nkhondo. Onjezanipo nyumba zogulira thonje, zosungira chimanga, zigayo zakale ndi masitolo aakulu a m'mbali mwa misewu.

Sikuti zonsezi zili zopanda mwini kapena zolimba. Zina zikugwira ntchito, zina zinagwa nkhondo isanathe mu 1992, zina anthu anazulamo njerwa ndi malata. Koma yendani m'boma lanu ndi maso atsopano, mudzapeza imodzi kapena ziwiri zimene mwakhala mukuzidutsa tsiku ndi tsiku, mbuzi zikugonamo. Ndipo sizifunika kukhala zazikulu ngati za ku São Paulo. Shedi yokwana anthu 200 ndi yokwanira pa boma ngati Tsangano kapena Chifunde.

Bwanji osangogwetsa n'kumanga yatsopano yokongola?

Chifukwa choyamba ndi ndalama. Maziko, zipupa ndi zitsulo zakudenga ndiye mbali yodula, ndipo mukagwetsa mumalipira kawiri, kugwetsako ndi kumangako. Mapulani a holo yatsopano amatha kukhala m'kabati zaka, pamene shedi yakale mungayambe kuigwiritsa ntchito mwezi uno mutangoisesa, n'kumaikonza pang'onopang'ono.

Chifukwa chachiwiri ndi mantha a anthu. Holo yatsopano yamatailosi onyezimira ndi mlonda pageti imauza mayi wochokera kudimba kuti muno si mwanu. Shedi imene mayiyo anagulitsiramo chimanga ali mtsikana amalowamo ndi matope kumapazi osachita manyazi. Ichi ndimachiona kukhala chachikulu kuposa ndalama.

Komabe pali nyumba zoyenera kuzisiya. Ngati maziko anatsika, zipupa zinang'aluka kuyambira pansi mpaka pamwamba, kapena zitsulo zinadyeka ndi dzimbiri mpaka m'kati, musakakamire chifukwa chokonda mbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogamula pamenepa ndi injiniya, osati ife azisudzo.

Nyumba ikaoneka yosiyidwa, tingangolowamo?

Ayi. Nyumba iliyonse ili ndi mwini ngakhale denga litachoka: boma, kampani ya njanji, khonsolo ya tauni, mpingo, kapena banja limene lili kutali. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, munthu kapena bungwe amakhala ndi chilolezo choigwiritsa ntchito chotchedwa DUAT, koma nyumba yomangidwapo ingakhale ya munthu. Choncho fufuzani zonse ziwiri, wa malo ndi wa nyumba. Palinso lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe, Lei 10/88 la mu Disembala 1988, limene limateteza nyumba zonse zomangidwa chaka cha 1920 chisanafike. Nyumba yotero simungaigumule kapena kuisintha popanda chilolezo cha a zachikhalidwe.

Gulu lanu lilembetsedwe ngati associação, bungwe lovomerezeka ndi boma, kuti lithe kusaina pangano ndi kutsegula akaunti kubanki. Pangano likhale lolembedwa, lotchula zaka ndi amene adzakonze denga likadontha. Ndikunena izi chifukwa zinatichitikira. Munthu wina anatibwereka shedi yake ndi mawu apakamwa, ife tinasesa, tinapaka laimu, tinakonza mawindo. Tsiku la sewero litatsala pang'ono tinapeza mwadzaza matumba a feteleza mpaka kudenga. Anyamata anga analira, ndipo tinalibe pepala loti tionetse aliyense.

Musaiwale amfumu. Boma lingakupatseni pepala, koma anthu amabwera amfumu ndi nyakwawa zawo akavomera.

Muli zoopsa zanji m'nyumba zimenezi?

Choyamba yang'anani kudenga. Nyumba zambiri za nthawi ya Apwitikizi zinafoleredwa ndi lusalite (malata a simenti), ndipo lusalite wakale ali ndi asibesitosi. Akakhala wathunthu, wosakhudzidwa, vuto limachepa, koma mukamudula, kumuboola, kumupala kapena kumuswa, amatulutsa fumbi losaoneka limene limakhala m'mapapo n'kudzadwalitsa munthu patapita zaka 20 kapena 30, kuphatikizapo khansa. Musatume achinyamata kukamuchotsa ndi hamala. Amafunika anthu odziwa, ovala zoteteza, omunyowetsa kaye ndi kumutsitsa wathunthu. Zidutswa zake musazipereke kwa anthu kuti akafolere makola.

Kenaka pansi. Mmene munkasungidwa mankhwala a thonje kapena ophera anankafumbwe, kapena mmene munkakonzedwa makina, simenti inamwa zinthu zimene ana sayenera kukhalapo. Pamafunika kupala ndi kuthira simenti yatsopano pamwamba. Ndowe za mileme zouma zinyowetseni musanasese, ndipo mutseke pakamwa ndi mphuno. Mitanda yamatabwa igogodeni ndi chitsulo, chiswe chimadya m'kati kunja kukuoneka bwino. Mawaya akale a magetsi chotsani onse.

Koma chimene ndimachiumirira kwambiri ndi makomo. Shedi inamangidwira katundu, ndipo katundu sathawa moto. Kawirikawiri imakhala ndi chitseko chimodzi chachikulu chokoka cham'mbali, chimene anthu akadzazana pakhomo sichitseguka. Boolani makomo ena, osachepera awiri, kumbali zosiyana, zitseko zake zotsegukira kunja. Pa nthawi ya sewero pasapezeke loko pa chitseko chilichonse, ngakhale wogulitsa matikiti adandaule kuti ana alowa ulere. Ikani munthu pakhomo m'malo mwa loko.

Mawu amamveka bwanji m'shedi ya malata? Nanga kutentha?

Apa ndi pamene mashedi ambiri amagonjera. Lowani m'shedi yopanda kanthu muombe m'manja kamodzi, mumvetsere. Phokoso lija limagunda chipupa, kubwerera, kugundanso china, n'kumangozungulira. Mawu a wosewera akachita chimodzimodzi, liwu loyamba limakwera pa lachiwiri, woonera wakumbuyo amangomva chiphokoso. Ng'oma ndiye zimasanduka bingu. Ambiri amathamangira kukweza zokuzira mawu, koma kutero n'kuwonjezera vuto, chifukwa mawu ochuluka amabwereranso ochuluka.

Mankhwala ake ndi zinthu zofewa zomwa mawu, ndipo zambiri tili nazo. Mphasa ndi mikeka zopachikidwa pachipupa, osati zomatidwa koma zosiyidwa mpata ngati chikhatho kumbuyo kwake, zimathandiza kwambiri. Makatani olemera opindikapindika amateronso, makamaka pachipupa choyang'anizana ndi siteji, pamene mawu amabwerera mwamphamvu. Mashelefu a mabuku m'mbali amamwaza mawu. Anthu nawonso amamwa mawu, n'chifukwa chake holo yodzaza imamveka bwino kuposa yopanda anthu. Mphasa zimagwira moto, ndiye zitalikirane ndi mawaya ndi mababu otentha, ndipo zozimitsira moto ndi ndowa za mchenga zikhale pafupi.

Mvula ndi mdani wina. Chaka china mu Januwale tinali pakati pa sewero la maliro, mayi wamasiye akulankhula motsitsa, mvula n'kuyamba pamalata. Anthu ankangoona milomo ikugwedezeka. Tinaima, tinadikira, mtima wa sewero unazizira. Chothetsa zimenezi ndi siling'i pansi pa malata, yokhala ndi chofunda chotchinga pakati, ndipo siling'i yomweyo ndi imene imachepetsa kutentha. Ndalama zikachepa, yambani ndi pamwamba pa siteji ndi mizere yoyamba.

Za kutentha zimasiyana ndi malo. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo shedi yotsekeka yokhala ndi anthu 300 ingakomole munthu. Mpweya wotentha umakwera, choncho tsegulani mpata pamsonga pa denga kuti uzituluka, ndi mipata ina m'munsi kumbali yamthunzi kuti wozizira uzilowa. Mashedi ambiri akale anali nayo mipata imeneyi, ena anaitseka pambuyo pake, ingoitsegulaninso. Pakani denga penti yoyera, bzalani mitengo kumadzulo, masewero ayambe dzuwa litalowa. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano vuto ndi lina: mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira kolowa m'mafupa, ndiye mipata yomweyo ikhale ndi zotsekera. Ndikaganiza za moto wootha uja wa ku São Paulo, ndimaona kuti kuno ungatikomere kwambiri pakhonde.

Siteji ikhale pati?

Musaimange ndi simenti. Ili ndi langizo limene ndimalibwereza kwa aliyense. Mukangothira siteji yaitali kumapeto kwa holo, mwagamula kuti zonse zochitika muno zizikhala ngati msonkhano wa akuluakulu, ena pamwamba ena pansi. Siyani pansi pakhale pathyathyathya, ndipo kalipentala akupangireni timasiteji tamatabwa tonyamulika, toti anthu awiri angasunthe. Lero mungatilumikize kumapeto, mawa pakati, mkuja n'kutichotseratu. Mabenchi nawonso akhale onyamulika, ena aatali ena aafupi, kutsogolo mphasa za ana.

Magule athu anabadwira pabwalo lozungulira. Oimba, oomba m'manja ndi oonera amakhala mkombero umodzi, ndipo woonera angalowe m'bwalo kukafupa wovina. Ngoma ya Angoni imafuna mzere wautali ndi pansi poti phazi ligunde. Gule wa nyanga wa Anyungwe amavina mozungulira akuliza zitoliro zawo. Mukaika zimenezi pa siteji yopapatiza moyang'ana mbali imodzi, mwadula theka la gule. Pa magule opondaponda, simenti imapweteka mawondo ndi zidendene, choncho pakati pa holo pakhale matabwa ogonekedwa pa mitanda, kapena bwalo ladothi panja pa khomo lalikulu. Khomo la malole lija likatsegulidwa, m'kati ndi kunja zimakhala bwalo limodzi.

Gule wamkulu angalowe m'nyumba yotero?

Funso limeneli sindingaliyankhe ndekha, ndipo komiti ya holo isaliyankhe yokha. Eni ake ndi mafumu a mizinda ndi akuluakulu a kudambwe. Bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, UNESCO, linalengeza gule wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la mayiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo timamuona pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi komanso pa zikondwerero za chikhalidwe za dziko lino. Choncho kutuluka pagulu si chachilendo. Koma gule si sewero loti mungalilembe pa pulogalamu pakati pa kwaya ndi ndakatulo, n'kumuuza kuti muli ndi mphindi khumi.

Maganizo anga ndi akuti gule avine panja, pabwalo ladothi pambali pa nyumbayo, pomwe fumbi lingabuke ndipo chilombo chingathamange. Njira yobwerera ndi malo okonzekera asankhe eni ake, osati chipinda chovalira cha azisudzo mmene aliyense amalowa. Za kujambula ndi mafoni agamule iwo. Ndipo mfumu ikati pano ayi, ndi ayi. Pali zina zimene sizilembedwa pa intaneti, ndipo ine ndilekera pomwepa.

Nyumba zimenezi anthu anavutikiramo. Tizisungiranji?

Anandifunsa funso ili ndi agogo ena aamuna a ku Macanga, ndipo sindinayankhe msanga. Anati: "Aphunzitsi, inu mukuona njerwa zokongola. Ine ndikuona pamene bambo anga ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya chifukwa thonje linachepa pa sikelo. Mukufuna adzukulu anga azikavina pamenepo?"

Agogowo sanalakwe. Njanji, milatho ndi mashedi ambiri a nthawi ya atsamunda anamangidwa ndi anthu a chibalo, ogwidwa m'midzi, ndipo ulimi wa thonje wokakamiza unathetsedwa ndi lamulo mu 1961 mokha. Ku Moatize, kuphulika kwa m'migodi ya Chipanga mu 1976 ndi 1977 kunapha anthu ambiri, ndipo alipo mabanja amene mpaka lero amakumbukira tsikulo.

Ndinawayankha kuti: agogo, njerwazo anaumba ndi bambo anu, anasenza ndi bambo anu. Amene ankalamula anapita, chimene chatsala ndi ntchito ya manja a anthu athu. Tikagwetsa, mwana wa mawa adzamva nkhani ya thonje ngati nthano. Tikasunga, adzaimirira pamene panali sikelo, inu mukumuuza. Sanavomere tsiku lomwelo, anangoti akaganiza.

Ku Germany, mgodi wa malasha wa Zollverein mumzinda wa Essen unatsekedwa mu 1986, ndipo mu 2001 UNESCO inauika pa mndandanda wa malo osungidwa. Nyumba imene anthu a mumgodi ankasambiramo ndi kusinthiramo zovala lero ndi malo a magule, matailosi oyera a m'bafa akadali pazipupa. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za Moatize, chifukwa malasha adzatha tsiku lina monga anathera kwina.

Choncho musafafanize zizindikiro za ntchito. Sikelo, mbedza zakudenga, manambala olembedwa pazipupa, njanji yodutsa pansi, zisiyeni. Mayina a amene anagwira ntchito mmenemo alembedwe pachipupa mabanja awo akalola. Ngati munafera anthu, akuluakulu ndi atsogoleri a mipingo ayambe achita mwambo wawo ng'oma yoyamba isanalire.

Ndalama zoyendetsera zidzachokera kuti?

Kukonza nyumba ndi kosavuta poyerekeza ndi kuisunga yotsegula. Wothandiza amapezeka wa malata ndi penti chifukwa zimaoneka pa chithunzi, koma wa magetsi a Credelec a mwezi ndi mwezi, malipiro a mlonda ndi sopo wa kuchimbudzi sapezeka. Roundhouse ija, ndi kutchuka kwake konse, inatsekedwa mu 1983 ndalama zitasowa. Munthu wina wamalonda, Torquil Norman, anaigula mu 1996, ndipo inatsegulidwanso mu 2006 itakonzedwa. SESC Pompeia yakhala yolimba chifukwa bungwe lake, lomwe linayamba mu 1946, limalandira gawo la ndalama zimene makampani amalonda amapereka mwalamulo malinga ndi malipiro a antchito awo. Ife chotero tilibe.

Chimene tili nacho ndi maukwati, misonkhano ya mabungwe, maphunziro a alimi, mpira wa pa kanema, kantini yogulitsa tiyi ndi mandasi, ndi timashopu ta telala kapena wometa m'mbali mwa nyumba. Matikiti a zisudzo okha sangalipire magetsi, ndipo mukawakweza mtengo mwathamangitsa anthu omwe munawakonzera nyumbayo. Nyengo yokolola, kulowa ndi mbale ya nyemba kapena chimanga si chamanyazi.

Ngozi yake ndi iyi: wolipira bwino amameza nyumba. Mpingo umabwereka Lamlungu, kenaka Lachitatu, kenaka usiku wonse wa Lachisanu, mapeto ake guwa lakhazikika ndipo azisudzo akupempha malo m'nyumba yawo yomwe. Wamalonda amapempha kusungamo fodya miyezi iwiri yokha. Chipani chimafuna kupaka mtundu wake pachipupa. Lembani m'malamulo a gulu kuti masiku akutiakuti ndi a zisudzo, magule ndi ana, ndipo sagulitsidwa pa mtengo uliwonse. Wobwereka aliyense atuluke ndi katundu wake tsiku lomwelo. Ndalama zolowa ndi zotuluka zilembedwe pa bolodi pakhomo mwezi uliwonse, ma meticais onse, kuti wodutsa aliyense awerenge. Magulu ambiri amene ndawaona akutha sanathe ndi umphawi, anatha ndi kukayikirana.

Masewero azikhala m'chinenero chanji?

Cha anthu amene akhala pamabenchi. Ku Angónia, Macanga ndi Chifunde ndi Chichewa, kapena Chinyanja monga ena amatchulira. Ku Tete ndi Moatize Chinyungwe, ku Mutarara Chisena, Chipwitikizi paliponse pamene chikufunika. Sewero labwino limasakaniza monga timachitira pamsika.

Amayi a ana ndi olumala mwawaganizira?

Shedi ili ndi mwayi umodzi: ilibe masitepe ambiri, ndipo potsetsereka pamene ankakwezera katundu ndi pabwino kwa njinga ya olumala. Chimene ilibe ndi zimbudzi zokwanira, chifukwa munkagwira ntchito amuna ochepa. Mangani zimbudzi musanagule ndi babu limodzi la siteji, za amayi zichuluke kuposa za abambo, chimodzi chikhale chotakasuka, ndipo pakhale madzi osamba m'manja. Njira yopita kumeneko ndi ya kumsewu ziwale usiku, apo ayi makolo sadzalola atsikana kubwera. Masewero ena ayambe masana kuti ochokera kumidzi abwerere kusanade.

Tiyambire pati?

Sankhani nyumba imodzi, mupeze mwini wake. Kenaka muiyendere katatu: masana dzuwa likuswa mtengo, tsiku lamvula, ndi usiku. Mudzadziwa pamene pamatentha, pamene pamadontha, kumene madzi amalowera, ndi amene amagonamo kapena kugulitsa pakhonde pake, chifukwa amenewonso muyenera kukambirana nawo, osangowathamangitsa. Yezani utali ndi mulifupi ndi chingwe, jambulani ming'alu yonse ndi foni, mupite nazo kwa injiniya wa ku boma. Akanena kuti denga silingagwe, ndipo makomo othawira alipo, pemphani chilolezo cha tsiku limodzi lokha, muchite sewero masana, zitseko zonse zili zotsegula, anthu atabwera ndi mphasa zawo. Muone amene abwere, kumene akhale okha osauzidwa, ndi kumene ana athamangire. Pulani ya nyumbayo mudzaijambula kuchokera pamenepo.

Pa ulendo woyamba uja tengani munthu wachikulire amene anagwirapo ntchito mmenemo. Mufunseni kuti agogo, apa panali chiyani, ankaima apa ndani, munkaimba nyimbo yanji ponyamula matumba. Akalola, jambulani mawu ake. Ife tinachita zimenezi ndi agogo ena aakazi amene ankasankha mbatatesi m'shedi ali mtsikana. Anayenda nafe ngodya ndi ngodya, anafika pena anaima, nayamba kuimba nyimbo ya ntchito imene palibe mmodzi wa achinyamata anga anaimvapo. Sewero limene tikukonza tsopano likuyamba ndi nyimbo imeneyo, ndipo agogowo anena kuti adzaitsogolera okha.